Bulangete la Alendo pa Kompyuta ya Aphunzitsi

Lolemba

Foni iyi akuti ikulemba zimene ndikunena. Waikonza motero ndi Tionge, mwana wanga wotsiriza, amene wafika dzana kuchokera ku Lilongwe. Ndilankhule pang'onopang'ono. Sukulu ndinalekeza Sitandade 3, koma mawu anga sindifuna apotoke.

Nkhani ili motere. Dzulo potuluka m'tchalitchi kuno ku Ngala, aNyakamanga andifunsanso funso lawo la chaka ndi chaka: "Kodi mwana wanu uja kwenikweni amagwira ntchito yanji?" Wawo ndi namwino. Amabwera atavala zoyera, ntchito yake imaoneka munthu akadali kumsewu. Ine yankho langa limakhala limodzi, ya kompyuta. Iwo amangoti "Oho," ndipo oho wawoyo amandiwawa mpaka Lachitatu.

Dzulo sindinapirire. Ndanena pamaso pa amayi onse kuti Tionge sali ngati ana a m'maofesi amene amangobaya mabatani. Iye nzeru zonse za m'kati mwa kompyuta amazimanga kuyambira pansi. Amene akukayika abwere kwanga Lamulungu likudzali, tikaweruka, adzaone ndi maso.

Avomera onse, ngakhale amene sindinawaitane.

Chovuta n'chakuti Tionge kompyuta yake waisiya m'tauni dala. Akuti wabwera kudzapuma ndi kudzalambula pamanda a bambo ake ku Nkhunga. Ndiye m'mamawa ndapita kwa aphunzitsi Chirwa, amene anapuma pantchito, ndabwereka yawo yakale ija yopinda ngati buku. Inasiya kudzuka chaka chatha. Ukaiyatsa imangoonetsa mdima.

Ndaiika patebulo, ndafotokoza zonse. Tionge akundiyang'ana nthawi yaitali, kuyang'ana kwa bambo ake.

Akuti njira zilipo ziwiri. Yoyamba, kuikamo nzeru zopangidwa kale, monga munthu agula buledi ku Dwangwa, ndipo dzuwa lisanafike pamutu zatha. Yachiwiri ndi imene amachita iye ndi anzake akaweruka kuntchito, popanda wowalipira: pulogalamu iliyonse imamangidwa m'kompyuta momwemo kuchokera ku zolemba zake zoyambirira, potsata malangizo. Malangizo a mapulogalamu ena amasamalira ndi iyeyo, kuwakonza akakalamba. Pa makina okalamba ngati awa, akuti, ndi ntchito ya masiku.

Ndasankha yachiwiri. Buledi wogula aNyakamanga amamudziwa kale.

Wausa moyo, koma ndaona maso ake. Watulutsa kafulashi kamene kamalendewera kumakiyi ake asanamalize n'komwe kudandaula. Akuti malangizo akewo sanawayesepo pa makina opanda kanthu chonchi.

Dongosolo la sabata:
mawa, ku Nkhunga ndi makasu;
Lachinayi, kompyuta yatha;
Loweruka, zitumbuwa;
Lamulungu, aNyakamanga kukhala chete.

Lachiwiri

Ku Nkhunga sitinapite. Makasu ali pakhomo.

Zolemba zoyambirira zija sizili m'kafulashi zonse. Zambiri n'zofunika kukoka pa intaneti, ndipo netiweki m'nyumba muno ilibe mphamvu. Imapezeka pachulu, kuseri kwa mathandala oyanikapo usipa. Mwana wanga wophunzira waima pachulu m'mawa wonse, foni ili m'mwamba ngati akuitana mvula. Anthu odutsa akumupatsa moni kawiri kuti aonetsetse.

Wandifunsa zimene ndikufuna kompyuta izidzachita Lamulungu. Ndati zitatu zokha: iimbe nyimbo za kwaya, ionetse zithunzi za adzukulu anga, ilembe kalata. Si zambiri.

Akuti zitatuzo zabwera ndi gulu. Pulogalamu siyenda yokha. Yoonetsa zithunzi ikufuna ina yodziwa mitundu. Yodziwa mitunduyo ikufuna ina yomasula zinthu zopanikizidwa. Yomasulayo nayo ili ndi ake. Ndamva msanga, chifukwa ndakwatitsapo ana. Umaitana mkwati mmodzi, iye sabwera popanda ankhoswe, ankhoswe sabwera popanda akazi awo, akaziwo ali ndi alamu awo amene sangasiyidwe, ndipo mpunga umatha usanaone nkhope ya mkwati. Ntchito ya Tionge, ndikamvetsa, ndi kudziwa amene amabwera ndi yani, ndi amene ayenera kulowa pakhomo poyamba.

Chimodzi mwa zokokazo chafika chong'ambika. M'malangizo muli nambala yaitali yoyezera ngati katundu wafika wathunthu, ndipo nambalayo yakana. Wabwereranso pachulu. Nyerere zamuluma.

Madzulo ano kompyuta yayamba, ikudzukira pa kafulashi kaja! Galasi lakuda, mawu oyera ang'onoang'ono akuthamangira m'mwamba ngati usipa wothawa nyali. M'mbali mwake mukutuluka mpweya wotentha. Ndakhala pampando kuyang'ana mpaka tiyi wazizira. Sindikumvapo liwu ndi limodzi lomwe, koma liwiro lake likuoneka la munthu wodziwa kumene akupita.

Lachitatu

Yaima. Mawu ofiira.

Ndimaganiza kuti wolakwa ndi makina a aphunzitsi, kapena chulu. Ayi. Cholakwa chili m'malangizo a Tionge mwini. Pali kapulogalamu kena kakang'ono kofunika pomanga, iye sanakalembe. Pa kompyuta yake ya m'tauni kanalimo kale, choncho zonse zinkatheka ndipo sanadziwe kuti kakusowa m'malangizo. Kuno, m'nyumba yopanda kanthu, kusowa kwake kwaoneka.

Ndamuuza za mpongozi wanga, mkazi wa mchimwene wake. Anandifunsa pafoni kaphikidwe ka chikondamoyo, ndinamuuza zonse kupatula soda, chifukwa ndani amatchula soda? Soda amangokhala m'nyumba. Chikondamoyo chinatuluka chokhomera misomali. Tionge waseka mpaka kugwira tebulo, akuti ndi zomwezo ndendende.

Chondidabwitsa n'chakuti wakondwa. Munthu wapeza kulakwa kwake, akuimba nyimbo! Wawonjezera mzere umodzi m'malangizo, wakwera pachulu, wautumiza kwa anzake. Mmodzi wa ku dziko lozizira wayankha ndi kachithunzi ka chala chachikulu. Sanaonanepo. Dzina lake lenileni sakulidziwa, ngakhale kuti mwamuna kapena mkazi. Ndafunsa ngati malipiro ake ndi chala chimenecho. Akuti nthawi zina ngakhale chalacho sichibwera.

Izi Lamulungu sindidzazitchula.

Kunja kwachita mitambo tsiku lonse, sola sakukoka, batire likufooka. Zimene zaletsedwa m'nyumba muno kuti kompyuta idye yokha:
wailesi yanga;
babu la pakhonde;
mafoni a anansi, amene ndabweza ndi manja awiri ndi mawu ofewa, koma ofewa sanathandize.

Masana yayamba kumanga pulogalamu yaikulu kuposa zonse, imene imajambula mawindo ndi mabatani pagalasi. Zithunzi za adzukulu zikudikira imeneyo. Akuti itenga usana ndi usiku, ndipo ikazima pakati iyambiranso pachiyambi.

ANyakamanga adutsa ndi mtolo wa chinangwa. "Zikutheka?" Ndati zikutheka. Ayang'ana babu lozima, apitirira.

Ku Nkhunga mwina Lachisanu.

Lachinayi

Ndiyambe ndi kunena kuti malamulo onse amene ndinapatsidwa ndawasunga.

Bandulo ya intaneti yatha, ndipo Tionge akufunanso chingwe china, ndiye wakwera minibasi ya ku Dwangwa. Pochoka wandisiyira atatu: musaizimitse, musaitseke, nkhuku isakwerepo. Ndawabwereza kuti amve kuti ndamva.

Dzuwa litapendeka, panyanja paoneka utsi wakuda utaima ngati mzati. Nkhungu, tizilombo touluka ta m'nyanja tija! Mphepo ikuzikankhira kumtunda kuno. Mudzi wonse watuluka ndi malichero onyowetsa, akuwazunguza m'mwamba, ana akukuwa, aliyense akuganiza za ndiwo. Ine lichero langa lili pakhoma, ndipo pa nkhani ya nkhungu palibe mayi wa kuno amene amandiposa. Koma ndili ndi udindo.

Zalowa m'nyumba. Pazenera, pansi pa chitseko, m'denga. Ndipo zonse zikulunjika pagalasi lowala lija, mpaka mawu oyera sakuonekanso. Zina ndikuziona ndi maso anga zikulowa m'timabowo ta m'mbali.

Ndaiphimba ndi chitenje. Zikudutsa pansi. Ndiye ndatsegula sutikesi, ndatulutsa bulangete langa la alendo, lolemera lija, limene silinafundidwepo ndi munthu wamba. Ndaifunditsa yonse osaitseka, ndapinda m'mbali monse monga timachitira ndi mwana wa malungo, kuti pasatsale mpata ngakhale wa nkhungu imodzi. Ndakhala pambali ndi kamtengo, kulondera nkhuku.

Poyamba imapuma mwamphamvu, kenako mwamphamvu kwambiri. Kenako yakhala chete. Mumtima ndati yapeza mtendere.

Tionge wafika, waona bulangete, waima pakhomo thumba lili m'manja. Walivundukula pang'onopang'ono. Galasi mdima. Pansi pake potentha moti ungawotcherepo mbatata.

"Amama, imapumira m'mbalimu. Ikatenthedwa imadzizimitsa yokha."

Ndamuuza kuti sindinaizimitse, sindinaitseke, ndipo nkhuku sinayandikire. Wakhala pansi, wagwira kumutu. Ndimayembekeza mawu olemera. Koma wati, "Zoona. Soda uja. Sindinalembe kuti musaifunditse."

Zikanakhala bwino akanandikalipira.

Yaikulu ija yapita yonse, usana ndi usiku wake. Ndipo m'nyumba muno mulibe nkhungu zodya, zili zakufa zokhazokha pansi pa tebulo. ANyakamanga anditumizira chibumu chimodzi cha nkhungu chokulunga m'masamba a nthochi, ndi uthenga wakuti amva kuti ndinatanganidwa.

Chakoma. Izinso zikundipweteka.

Lachisanu

Mwayi wake makina sanapse. Ayaka. Tionge wachotsa nkhungu m'timabowo ndi nthenga ya nkhuku, wayambitsanso yaikulu ija. Tsopano kompyuta yakhala pa njerwa ziwiri kuti mphepo izidutsa pansi, ndipo ine ndikuikupiza ndi lichero. Lichero lomwe lija. Mwamuna wanga sindinamukupizepo chonchi.

Poyembekeza, iye akuwerenga malangizo a zimene zikubwera kutsogolo, ndipo wapeza mfundo ina. Pali mapulogalamu awiri ojambula zilembo. Woyamba sumangika popanda wachiwiri. Wachiwiri sumangika popanda woyamba. Ndafunsa kawiri, poganiza kuti khutu landinamiza. Akuti ndamva bwino.

Ndiye kuti bwato lili tsidya, ndipo kuti ukalitenge ukufunika bwato.

Njira yake akuti ilipo. Umamanga woyamba wopunduka, wosowa mbali imodzi. Wopundukayo amathandiza kumanga wachiwiri. Ukatero umabwerera, n'kugumula woyamba uja, n'kumumanganso wathunthu. Malangizo a zimenezi analemba munthu wina amene anasiya kuyankha kalekale, ndipo sakugwirizananso ndi mapulogalamu a masiku ano. Palibe wawatola. Tionge akuti awatola iye. Ndamufunsa kuti wamutuma ndani. Akuti palibe, n'chifukwa chake agona pansi nthawi yonseyi.

Mwana uyu anabwera kudzapuma. Mpunga umene ndamuphikira ndi chambo wadya akuyang'ana pagalasi, sindikudziwa ngati wamva kuti ndinathira tomato wa m'dimba langa. Chiyambire Lolemba sitinakhale pamkeka kucheza. Ndimafuna kumufunsa za mnyamata uja anamutchula pa Khirisimasi. Ndikatsegula pakamwa, mawu ofiira amayamba ndiwo.

Wachititsa ndani? Funso limeneli foni isalembe yankho lake.

Makasu ndawalowetsa m'nyumba, angachite dzimbiri.

Loweruka

Mvula kuyambira m'bandakucha. Batire latsala pang'ono kugona, ndipo kompyuta yokalambayi batire lakelake linafa kale, ikachoka pachingwe imazima pomwepo. Kwa aphunzitsi Chirwa kuli magetsi a pamzere. Ndiye mvula itadukiza tanyamula zonse pamodzi osazilekanitsa: batire la sola, zingwe, kompyuta ili chiyakire pa njerwa zake, zonse mu wilibala. Tionge akukankha pang'onopang'ono, ine ndagwira ambulera pamwamba, osaiyandikitsa kwambiri. Ndaphunzira.

Njira yake imadutsa pakhomo pa aNyakamanga. Ina kulibe.

Atuluka, apukuta manja, atiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kutayala. "Odwala akupita kuchipatala? Ndimuimbire mwana wanga?"

Ndapitirira. Ambulera inkafuna manja onse.

Kwa aphunzitsi tadzaza batire. Iwo akuzungulira makina awo manja kumbuyo, akufunsa ngati mawa azitha kulemberapo makalata a komiti. Tionge wawerengera zimene zatsala, wapukusa mutu. Yaikulu ija ingathe usiku uno, koma pambuyo pake pali awiri a bwato aja, pambuyo pa iwo pali ankhoswe ena. Zonse sizingakwane mawa masana.

Pobwerera ndamugwira dzanja panjira. Ndanena motsitsa kuti buledi uja wa Lolemba, wogula uja, aikemo basi. Ndani adzasiyanitse? ANyakamanga sadziwa kusiyana kwa kompyuta ndi wailesi ya kanema.

"Munawauza kuti ndimamanga kuyambira pansi, Amama. Za eni sindionetsa."

Ndamuuza kuti kuuma mutu kumeneku sindikudziwa kumene anakutenga. Wandiyang'ana, wapitiriza kukankha.

Ndiye tikudula. Zimene sizidzakhalapo mawa:
nyimbo za kwaya;
zithunzi za adzukulu;
kalata;
mitundu ina iliyonse kupatula wakuda ndi woyera;
kamuvi kaja kolozera.

Yaikulu ija, imene ndaikupizira mpaka phewa kuuma, waiimitsa ndi dzanja lake. Akuti mphamvu zonse zipite ku mtima wa makina, pulogalamu imene imadzutsa zina zonse. Ukatha umenewo, kompyuta idzadzuka yokha popanda kafulashi. Ndafunsa kuti ikadzuka idzachita chiyani. Akuti idzadikira kuti munthu aiuze chochita.

Zitumbuwa ndakazinga. Zimenezi zokha ndizo zayenda monga mwa dongosolo.

Lamulungu

Kutchalitchi ndapita ndekha. Ulaliki unali wa kudzichepetsa. Sindikudziwa amene anawauza abusa.

Amayi aja abwera. Mikeka sinakwane. Kompyuta ili patebulo pakhonde, pa njerwa zake, mawu oyera akuthamangabe. Mtima uja sunathe. Tionge wavala diresi limene ndinamusokera, wawapatsa moni onse mwaulemu, wafotokoza bwino za malangizo, za mapulogalamu odalirana, za anzake a kutali. Ine ndawonjezera za ankhoswe, ndipo apo amayi ena agwedeza mitu. Mayi wina wati liwiro la mawuwo likumuchititsa chizungulire. Wina wafunsa ngati Tionge amawerenga onsewo. Akuti amawerenga akafiira okha.

Zitumbuwa zatha. Mawu akuthamangabe.

ANyakamanga adikira mpaka mbale itayera, ndipo afunsa mofatsa kuti zikatha zonsezi chituluke n'chiyani. Tionge wati kompyuta idzayaka. Iwo ati, kodi panopa siyoyaka? Wayamba kufotokoza kusiyana kwake, koma kumpoto kwagunda bingu ndipo aliyense wakumbukira ufa umene anayanika.

Potsika pakhonde atembenuka. "Oho."

Atangopita onse, mikeka ndisanapinde n'komwe, mawu aima. Osafiira. Tionge wazula kafulashi, wazimitsa, wayatsanso. Galasi lakuda. Pakona pamwamba mawu ochepa, ndi kamzere kamodzi kakang'ono, kakuphethira.

Ndadikira kuti china chibwere. Ndafunsa ngati ndi chimenechi.

"Ndi chimenechi, Amama. Yadzuka yokha."

Maso ake anali ndi misozi, ndiye ndati n'chokongola.

Wabaya mabatani, watsegula malangizo aja a Lachitatu, wandilozera pamwamba. Chizungu sindiwerenga, koma zilembo izi ndimazidziwa, ndinazisokapo pa yunifolomu yake. Dzina lake, ndi la bambo ake. Pansi pake mzere uja wa soda. Akuti aliyense womanga pulogalamu imeneyi, kulikonse kumene ali, sadzapunthwanso pamenepo, ndipo sadzadziwa kuti panali mwala. Ndayang'ana kumsewu ngati pali mayi wina wotsalira woti ndimuitane. Kunali mbuzi.

Aphunzitsi Chirwa abwera kudzatenga katundu wawo. Avala magalasi, awerama, ayang'anitsitsa. Akuti mdima wake ndi womwe uja wa chaka chatha, kungoti uno ukuphethira. Tionge wawalonjeza kuti za makalata adzamaliza akadzabweranso. Anyamula, ndi njerwa zomwe.

Minibasi yake ndi ya mawa m'mawa. Ndamumangira mpunga ndi usipa. Za mnyamata uja sindinafunse. Ku Nkhunga ndipita ndekha Lachiwiri ndi khasu limodzi, ndikalambule, ndikawauze bambo ake kuti mwana anabwera, ali bwino, dzina lawo analilemba pamalo pamene anthu a kuno sadzaliona.

ANyakamanga adzafunsanso, mwina pa Pasaka. Ndidzati ya kompyuta.

Bulangete ndalichapa kawiri. Likununkhabe nkhungu, ndipo ndi mitambo iyi silikuuma.